Shopu isadye mpamba: mangani ndi kalendala, lipirani zimene mwaona

Mukamayenda ku Area 25 ndi ku Chinsapo mu Lilongwe, ku Bangwe ndi ku Machinjiri mu Blantyre, kapena ku Chibavi mu Mzuzu, simulephera kuona nyumba zimene zidaima pamawindo. Khoma lidachita ndere, mkati mudamera udzu, ndipo mulu wa mchenga udakokoloka kalekale. Eni ake ambiri si anthu aulesi ayi. Ena ndi amalonda olimbikira amene adatapa mpamba wa kaunjika, wa tomato kapena wa golosale pofuna kumanga shopu yawoyawo, koma ndalama zidathera panjira. Shopu sidathe, geni nayo idafooka.

Kumanga ndi loto la wamalonda aliyense amene watopa ndi lendi, kapena watopa ndi kusamutsidwasamutsidwa pamalo ogulitsira. Vuto ndi lakuti ambiri timayamba kumanga chifukwa ndalama yapezeka lero, osati chifukwa tawerengera kuti ntchito idzatha liti. Mmisiri akati “bwana, miyezi iwiri tamaliza,” timangovomera popanda kufunsa kuti sabata yoyamba achita chiyani, yachiwiri achita chiyani.

Sabata ino tikambe za zinthu ziwiri zimene makontalakita akuluakulu sayamba ntchito popanda izo, koma ife omanga shopu ya zipinda ziwiri timazinyozera. Choyamba ndi ndondomeko ya masiku a ntchito, chachiwiri ndi lipoti losonyeza pamene ntchito yafika. Zonsezi sizifuna kompyuta. Zimafuna kope la masamu, cholembera, foni ya kamera ndi mtima wosachita manyazi kufunsa.

Kuchedwa kuli ndi mtengo wake

Wamalonda amadziwa kuti katundu wokhalitsa pa benchi ndi ndalama yogona. Nyumba yosatha ndi chimodzimodzi, kungoti ndalama yake ndi yochuluka kuposa belo la kaunjika.

Tiyerekeze kuti mumalipira lendi ya K60 000 pamwezi pamalo amene mukugulitsira pano, ndipo shopu imene mukumanga ili ndi chipinda chachiwiri chimene mungadzachititse lendi pa K80 000. Mwezi uliwonse umene ntchito yachedwa, mwataya K140 000. Ikachedwa miyezi 6, ndi K840 000, ndipo apa sitidawerengere malipiro a mlonda kapena chiwongoladzanja ngati ndalamazo mudakongola ku banki mkhonde. Ikani manambala anu enieni m'malo mwa awa, muone nokha.

Palinso mitengo ya zipangizo. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene adali ndi kotesheni m'thumba pa nthawizo adapeza kuti pepalalo lasanduka mbiri chabe, chifukwa malata, zitsulo, penti ndi mawaya a magetsi zimadalira ndalama zakunja, kaya zabwera zopangidwa kale kaya zapangidwa kuno ndi zipangizo zoitanitsa. Ntchito ikamatalika, mpata woti mitengo ikusiyeni m'mbuyo umakulanso.

Yambani ndi kalendala ya mvula

Kuno kwathu wolamula ntchito yomanga si mwini nyumba kapena mmisiri, koma mvula. Imayamba cha mu Novembala n'kusiya cha mu Epulo, ndipo ngakhale kumapetoko siyodalirika. Namondwe wa Freddy, amene adagwetsa nyumba zambiri kummwera, adafika mu Malichi 2023. Choncho ndondomeko yanu iyambire kumapeto. Lembani tsiku limene mukufuna denga likhale litafoleredwa, mwachitsanzo kumapeto kwa Okutobala, kenako muwerengere chobwerera m'mbuyo.

Kuyambira Januwale mpaka Epulo ndi nthawi ya mapepala. Tsimikizani umwini wa malo, jambulitsani pulani, ndipo ngati muli mumzinda kapena m'tawuni, kaiperekeni ku khonsolo kuti aivomereze. Funsaninso za malire a msewu, chifukwa shopu yomangidwa m'malo a msewu ikhoza kugwetsedwa ngakhale itakongola chotani. Nthawi yomweyi yenderani amisiri osachepera atatu, muone ndi maso nyumba zimene adamangapo, mucheze ndi eni ake.

Meyi mpaka Ogasiti ndiyo nthawi yabwino ya maziko ndi khoma. Nthaka yauma, misewu ikupitika moti lole ya mchenga ikhoza kufika pamalo, ndipo aganyu apezeka chifukwa kumunda kwatha. Kwa amalonda ambiri iyi ndi nthawinso imene ndalama ikuyenda, anthu atakolola ndipo misika ya fodya ili yotsegula. Okhala ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje asaiwale chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, asiyeko masiku angapo apadera.

Sepitembala ndi Okutobala ndi miyezi ya denga. Dziwani kuti nthawi imeneyi madzi amavuta, zitsime zina zimaphwa, pomwe dzuwa limaumitsa msanga konkire ndi pulasitala. Ngati mumagula madzi pa ndowa, ikani mtengo wake mu bajeti.

Denga likakhalapo, mvula siikuopsaninso kwenikweni. Pulasitala wa mkati, pansi, mawaya a magetsi ndi mashelefu zikhoza kuchitika m'dzinja. Koma kukumba maziko mu Disembala n'kuitana matope, ndipo khoma losafolera likamenyedwa ndi mvula ya chaka chathunthu, makamaka lomangira dothi, mudzalilipira kawiri.

Dulani ntchito m'magawo oti akhoza kuima paokha

Amalonda ochepa okha ndiwo angatulutse ndalama yonse ya shopu nthawi imodzi. Kumanga pang'onopang'ono si cholakwika. Cholakwika ndi kuimira pamalo olakwika. Gawani ntchito m'magawo asanu, ndipo musayambe gawo ngati ndalama yolimalizira siili m'manja.

Gawo loyamba ndi maziko ndi silabu. Apa pali kuyeza, kukumba, kuthira konkire wa pansi, kumanga khoma la maziko, kudzaza dothi n'kulitsendera, kuthira mankhwala a chiswe, kuyala pulasitiki woletsa chinyontho, kenako silabu. Apa mukhoza kuima ngakhale chaka popanda kutaya zambiri.

Gawo lachiwiri ndi khoma mpaka pa lintala, ndipo lachitatu ndi denga. Magawo awiriwa muziwawerengera ngati ana amapasa. Musakweze khoma ngati simukuona kumene kuchokere ndalama ya matabwa ndi malata mvula isanagwe. Nyumba zambiri zomera udzu zija zidafera pakati pa magawo awiriwa.

Gawo lachinayi ndi zitseko, mawindo, mapaipi a magetsi, pulasitala ndi pansi. Lachisanu ndi penti, khonde, kauntala, mashelefu ndi ngalande yochotsa madzi kuzungulira nyumba.

Kwa wamalonda, gawo lachinayi lili ndi mwayi wake. Malizani chipinda chimodzi choyamba, chikhale ndi chitseko cholimba ndi pansi pabwino, muyambe kugulitsiramo. Lendi imene mudali kulipira kwina ija ndiyo imalize chipinda chachiwiri.

Pali masiku ena amene simungawafupikitse ngakhale mutabweretsa amisiri khumi. Konkire amafuna kuthiridwa madzi tsiku ndi tsiku kwa masiku osachepera 7. Pofika tsiku la 7 amakhala atalimba pafupifupi magawo awiri mwa atatu, ndipo mphamvu yake yoyenera amaifika pa masiku 28. Mmisiri amene akufuna kuchotsa matabwa ochirikiza lintala mawa lake, kapena kuunjika mabuloko ambiri pa silabu ya dzulo, akukufulumizitsirani ming'alu. Masiku odikirawa alembeni m'ndondomeko ngati ntchito, kuti pasakhale wonena kuti anthu akungokhala.

Tchati ya pakope la masamu

Tengani kope la timabokosi. Kumanzere lembani ntchito zonse motsatana, kuyambira kuyeza malo mpaka penti. Pamwamba lembani masabata, 1, 2, 3 mpaka kumapeto, ndi madeti ake. Pa ntchito iliyonse, detsani ndi pensulo timabokosi ta masabata amene ntchitoyo idzatenge. Akatswiri amaitcha tchati ya Gantt, potengera dzina la Henry Gantt, injiniya wa ku America amene adaitchukitsa m'zaka za m'ma 1910. Imagwira ntchito pa milatho ndi misewu, imagwiranso pa golosale.

Musaijambule nokha kunyumba. Khalani pansi ndi mmisiri, iye anene masiku amene ntchito iliyonse ifuna ndi anthu angati, inu mulembe. Munthu savuta kusunga deti limene watchula yekha. Mukamaliza, onjezerani sabata imodzi pa masabata anayi kapena asanu aliwonse. Kwathu kuno maliro amagwa, matenda amabwera, mafuta amasowa lole n'kulephera kubweretsa mchenga. Ndondomeko yosasiya mpata wa zimenezi imafa sabata yachiwiri.

Ubwino waukulu wa tchatiyi ndi woti imaonetsa ntchito zimene zimadikirana. Denga silingakwere khoma lisanathe, pulasitala sangayambe mapaipi a magetsi asanalowe m'khoma. Izi zikachedwa tsiku limodzi, shopu yonse yachedwa tsiku limodzi. Pomwe zina zikhoza kuyendera limodzi. Wowotcherera apatsidwe miyeso ya mafelemu a zitseko ndi mawindo maziko ali mkati, kuti khoma likamafika pofunika mafelemuwo akhale ali pamalo. Matabwa a denga agulidwe khoma likukwera, apakidwe mankhwala, aume pamthunzi. Fomu ya magetsi ku ESCOM ndi ya madzi ku Water Board ya dera lanu muipereke msanga, chifukwa kumeneko kuli mzere wake umene sutsatira tchati yanu.

Nthawi zambiri ntchito siima chifukwa chinthu chachikulu chasowa. Imaima chifukwa misomali ya malata kulibe, waya womangira zitsulo watha, kapena kalipentala adalonjezedwa Lolemba koma palibe adamukumbutsa Lachisanu.

Chogula msanga ndi chogula mochedwa

Poopa kukwera kwa mitengo, ena amathamangira kugula simenti yambiri n'kuisunga. Simenti si chimanga. Thumba la makilogalamu 50 limakoka chinyontho cha mumpweya, ndipo likapitirira miyezi itatu limayamba kuchepa mphamvu ngakhale lisanaume ngati mwala. Gulani simenti ya gawo limene mukugwira. Muisanje pa matabwa, osati pansi penipeni, italikirane ndi khoma, ndipo yoyamba kufika iyambe kugwira ntchito.

Ngati mukufuna kuteteza ndalama yanu ku mitengo, iikeni pa zinthu zosaola msanga monga malata, zitsulo za Y12, mafelemu, maloko ndi miyala ya kwale. Malata musunge pouma, osawasiya atasanjikizana pamvula chifukwa amachita mawanga. Koma musanagule, dzifunseni kuti zikasungidwa kuti ndipo aziyang'anira ndani. Malata otchipa amene abedwa theka ndi odula kuposa a mawa.

Simenti ya m'dziko muno imachokera ku Shayona ku Kasungu, ku Cement Products ku Mangochi ndi ku Portland ku Blantyre, ndipo ina, monga ya Dangote, imalowa kuchokera ku Zambia. Mtengo umasiyana malinga ndi mtunda komanso mphamvu ya simentiyo, imene imalembedwa pa thumba ndi manambala monga 32.5 kapena 42.5. Poyerekeza mitengo, yerekezani matumba a nambala yofanana, ndipo muphatikizepo thiransipoti mpaka pamalo. Pa malata funsani geji. Nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti lata ndi lokhuthala, moti geji 28 ndi yolimba kuposa geji 32.

Pa khoma, dziwani kuti kuyambira mu 2018 pali malamulo a bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda, pofuna kuteteza mitengo. Mukamapereka pulani ku khonsolo, funsani ngati shopu yanu ikukhudzidwa, musanaumbitse uvuni wonse. Mukasankha mabuloko a simenti, amene kutsogolo kwake ndi masentimita 40 m'litali ndi 20 msinkhu amalowa 12 kapena 13 pa sikweya mita imodzi ya khoma. Nambala imeneyi ikuthandizani kuwerengera nokha musanavomere chiwerengero cha wina. Mabuloko nawonso amafuna nthawi yothiriridwa ndi kulimba, choncho odani msanga, musalandire oumbidwa dzana.

Lipirani gawo, osati lonjezo

Mkangano waukulu pakati pa eni nyumba ndi amisiri umayambira pa ndalama yoperekedwa ntchito isanachitike. Mmisiri akalandira zambiri poyamba, mphamvu yonse yapita kwa iye. Akapeza ntchito ina yatsopano yokhala ndi adivansi yake, yanu imasanduka ya Loweruka.

Gwirizanani mtengo wa ntchito yonse, kenako muugawe potsata magawo aja. Tiyerekeze kuti mwagwirizana K2 000 000 ya manja okha, zipangizo n'zanu. Mukhoza kuika K500 000 pa maziko ndi silabu, K500 000 pa khoma mpaka lintala, K400 000 pa denga, K400 000 pa pulasitala, pansi ndi zitseko, ndipo K200 000 yotsalayo, imene ndi 10 peresenti, muisunge. Makontalakiti akuluakulu amachitanso zomwezi. Mwini ntchito amagwira kagawo, kawirikawiri 5 kapena 10 peresenti, mpaka padutse miyezi ingapo kuti zolakwika zionekere ndi kukonzedwa. Kwa inu, woyesa denga wabwino ndi mvula yoyamba. Gwirizanani kuti yotsalayo idzaperekedwa mvula ikagwa kangapo denga osadontha.

Mmisiri ndi anyamata ake amafunika kudya ntchito ili mkati, choncho kandalama ka pasabata n'koyenera. Koma kachotsedwe pa ndalama ya gawo limenelo, ndipo zonse zimene walandira zisapitirire ntchito imene yaoneka.

Lembani mgwirizano pa pepala, m'Chichewa chomveka. Mukhale mayina, ntchito yoti igwiridwe, mtengo wa gawo lililonse, madeti, wogula zipangizo, wopereka chakudya ndi madzi, komanso chochitika wina akaphwanya pangano. Musayinirane pamaso pa mboni ziwiri. Kumudzi kapena m'madera a mafumu a m'tawuni, ndi bwino amfumu adziwe. Polipira, Airtel Money kapena Mpamba ili ndi ubwino woti imasiya umboni wa deti ndi ndalama. Mukapereka pamanja, asayinire m'kope.

Pangano limamanga mbali zonse. Gawo likatha bwino, lipirani tsiku lomwelo. Eni nyumba ambiri amadandaula za amisiri othawa, koma amisiri nawo ali ndi nkhani zawo za mabwana amene amazimitsa foni tsiku lolipira, kapena amasintha pulani khoma lili pakati n'kukana kuwonjezera ndalama. Mukasintha chinthu, lembani mtengo wake ndi masiku owonjezera musanagwetse njerwa ngakhale imodzi.

Lipoti la Loweruka

Wamalonda sangakhale pamalo omangira tsiku lonse. Benchi ikufuna mwini wake, ndipo ena mumakhala paulendo wokaoda katundu ku Dar es Salaam, ku Chipata, ku Tete kapena ku Johannesburg. Abale athu ogwira ntchito ku South Africa amamanga kwawo kudzera pa foni zaka zathunthu. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Mawu oti “ntchito ikuyenda bwino” si lipoti.

Sankhani tsiku limodzi pasabata, monga Loweruka masana, loti mmisiri kapena woyang'anira ayankhe mafunso asanu omwewo nthawi zonse.

Loyamba: sabata ino tidagwirizana kuchita chiyani, ndipo chachitika n'chiyani? Yankho likhale la manambala. Osati “khoma lakwera,” koma “mizere 6 ya mabuloko kuzungulira nyumba yonse, yatsala 5 kufika pa lintala.”

Lachiwiri: zipangizo zidabwera zingati, zagwira ntchito zingati, zatsala zingati? Matumba a simenti otha asatayidwe, asungidwe kuti muwawerenge. Otha kuphatikiza otsala afanane ndi amene mudagula. Mukaona kuti sabata yatha matumba 8 adamanga mizere 6, koma sabata ino matumba 12 amanga mizere 4 ya khoma lomwelo, funsani. Mwina pali chifukwa chomveka, mwina simenti ina idatuluka pa njinga madzulo.

Lachitatu: ndalama zalowa zingati, zatuluka zingati, malisiti ali kuti?

Lachinayi: chavuta n'chiyani? Apa mulimbikitse anthu kunena zoona. Ngati mumakalipa nthawi iliyonse mukamva vuto, adzayamba kukubisirani, ndipo mudzalidziwa litakula.

Lachisanu: sabata ya mawa tichita chiyani, ndipo chofunika kugula kapena munthu wofunika kuitana ndi ndani, pofika liti?

Mayankho abwere ndi zithunzi pa WhatsApp, koma zithunzi nazo zimanama. Gwirizanani malo anayi oimapo, ngodya zinayi za nyumba, ndipo sabata iliyonse zijambulidwe kuchokera pomwepo, mtengo kapena nyumba ya neba izioneka kumbuyo. Potero palibe angakutumizireni khoma la munthu wina, kapena mbali imodzi yokha imene yakwera. Kamodzikamodzi imbani foni ya vidiyo mosachenjeza, muuze wogwira foniyo azungulire nyumba ndi kulowa mosungira zipangizo.

Pali zinthu zina zimene zikakwiririka simudzazionanso: kuya kwa maziko, pulasitiki wa pansi pa silabu, zitsulo za mu lintala, mawaya omangirira denga ku khoma. Lamulo likhale lakuti izi sizikwiriridwa musanazione inu kapena munthu wanu, kapena zisanajambulidwe tepi yoyezera ili pomwepo. Ngati mungathe, lipirani munthu wodziwa zomangamanga amene sali pa ubale ndi mmisiri wanu kuti adzayendere pa nthawi zitatu izi: konkire wa maziko asanathiridwe, lintala isanathiridwe, ndi malata asanakhomedwe. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi kugwetsa khoma.

Chinanso, wosunga ndalama asakhale yemweyo wolemba lipoti. Ngakhale ali mchimwene wanu kapena alamu anu, gawani maudindo. Wina agule, wina alandire katundu ndi kusayinira. Uku si kukayikira m'bale, koma kuteteza ubale, chifukwa mabanja ambiri adasiya kuyankhulana pa nkhani ya matumba a simenti.

Lipoti likafika, tsegulani tchati ija. Pansi pa mzere wa pensulo, detsani ndi cholembera chofiira zimene zachitikadi. Pofiira pakatsalira m'mbuyo mwa pensulo, mwaona kuchedwa kukadali kwa masiku, kusanafike miyezi.

Ntchito ikatsalira

Kutsalira kudzakhalapo ndithu. Chofunika ndi kudziwa gwero lake musanaloze chala. Funsani ngati vuto ndi zipangizo, anthu, ndalama kapena nyengo. Ngati mchenga udafika Lachinayi m'malo mwa Lolemba chifukwa inu mudachedwa kutumiza ndalama, mlandu si wa mmisiri. Ngati mmisiri wabwera masiku awiri okha pasabata, ndiye kuti wagwira ntchito ina, ndipo mukambirane poyera.

Kenako onani ngati ntchito yotsalirayo ili m'gulu la zodikirana zija. Penti wa mafelemu akachedwa, palibe chimene chaima. Lintala ikachedwa, denga lachedwa, ndipo Novembala sadikira. Pamenepo mukhoza kuwonjezera anthu pa ntchito zimene zimalola, monga kukweza khoma kapena kutunga madzi, koma osati kudula masiku a konkire.

Ndalama ikachepa, chepetsani ntchito, osati simenti ya m'matope. Siyani khonde, siyani siling'i, siyani chipinda chachiwiri pa silabu, koma chimene mwayamba chifike pofolera. Ndipo musathamangire katapila kuti mumalize penti. Dziikireni malire a mpamba umene geni yanu singayende popanda iwo, ndipo umenewo usakhudzidwe zivute zitani. Geni ndiyo ikumanga shopu. Mukaipha, mwapha zonse ziwiri.

Zikafika poti musiyane ndi mmisiri, yezani ntchito imene wagwira pamaso pa mboni zija, muwerengere ndi zimene walandira, mulembe, musayinirane, kenako mubweretse wina. Mmisiri watsopano sakonda kulowa pa ntchito ya mkangano.

Kwa inu ogulitsa zipangizo

Nkhaniyi ikukhudzanso a mahadiweya, oumba mabuloko, ogulitsa mchenga ndi miyala, owotcherera, ngakhale amayi ophikira amisiri nsima. Kasitomala akabwera kudzagula simenti ya maziko, mufunseni kuti lintala akuyembekeza liti, denga liti, mulembe ndi nambala yake. Sabata imodzi lisanakwane detilo, muimbireni ndi mtengo wa zitsulo kapena malata. Mwapeza malonda a mawa popanda kulipira wotsatsa. Kalendala ya mvula ija ikuuzeninso zoti muode: simenti, zitsulo ndi mabuloko zimayenda kwambiri ikangotha mvula, malata ndi misomali yake chakumapeto kwa chilimwe anthu akuthamangira kufolera. Mukalonjeza kubweretsa katundu Lachiwiri, afike Lachiwiri. Womanga amene amisiri ake adakhala tsiku lathunthu osagwira ntchito podikira lole yanu sabwereranso, ndipo amauza anzake.

Kwa inu amene mukuganiza zomanga chaka chino, ntchito ya sabata ino si kugula simenti. Gulani kope, muitane mmisiri, mulembe magawo asanu ndi mtengo wa lililonse, muike deti la denga, muwerengere chobwerera. Masamuwo akakuuzani kuti ndalama ya chaka chino ikukwanira silabu yokha, thirani silabu yabwino, muithirire madzi masiku ake, mubwerere ku geni mukasonkhanitse ya khoma ndi denga. M'mera mpoyamba.